Kakompyuta ka pa njinga patatha miyezi 9 m'misewu ya Mangochi

Kachipangizo tikukamba pano ndi koyeza liwiro ndi mtunda, kopanda waya kotchipa kaja: kasikirini pa handulo, sensa pa foloko, maginito pa sipoko. Kali pa njinga ya mpikisano ya matayala a 700x25c, yomwe imayenda kwambiri mu M10 kulowera ku Monkey Bay, nthawi zina kukwera ku Namwera. Miyezi itatu yoyamba kanalibe chobvuta. Kenako kanayamba kuonetsa 0 njinga ikuthamanga, mwinanso kulumphira pa makilomita 70 pa ola munthu ukupalasa pang'onopang'ono pa mlatho wa Bakili Muluzi.

Gwero lalikulu la 0 uja ndi mpata wa pakati pa maginito ndi sensa. Usapitirire mamilimita 5, ndipo 3 ndiye abwino. Mabampu ndi maenje amasuntha sensa pang'onopang'ono, kalabala ka pansi pake kakauma ndi dzuwa sikagwiranso foloko. Nyamulani wilo lakutsogolo, mulizungulitse, muike khutu pafupi: muzimva "tiki" maginito akamadutsa. Kukakhala zii, sendezani maginito afike pa kamzere ka pa sensa, mumange ma cable tie awiri atsopano, pansi muikepo kachidutswa ka chubu chakale. Sensa izikhala kutsogolo kwa foloko, kuti sipoko ikaigunda iikankhire kunja m'malo moikokera m'wilo.

Ngati kamangosowa pa mtsetse pokha, monga potsika ku Namwera, ndiye kuti maginito akudutsa mwaliwiro kwambiri moti sensa sikuwamva. Atsitseni cha ku habu, kumene sipoko imayenda pang'onopang'ono. Koma musatsitse mopitirira, chifukwa sensa za mtunduwu sizifika kutali: pakati pa sensa ndi kasikirini pasapose masentimita 60 kapena 70, malinga ndi kabuku kake.

Mabatire ndi awiri, onse CR2032, ndipo ambiri amaiwala la mu sensa chifukwa kasikirini kakuwalabe. Latsopano limaonetsa cha m'ma 3.2V pa multimeter (choyezera mphamvu ya magetsi), likafika 2.8V lichotseni. Ogulitsidwa pa thebulo padzuwa mumsika ena amakhala atafooka kale asanatsegulidwe n'komwe. Musanachotse la mu kasikirini lembani makilomita onse papepala, chifukwa tambiri timafufuta zonse, ndi kukula kwa wilo komwe.

Apa ndi pomwe anthu amanamizira kachipangizo kuti kakuba makilomita. Kamafuna muike nambala ya kuzungulira kwa tayala m'mamilimita: tayala la 700x25c nambala yake ndi 2105, la 700x23c ndi 2096, la 700x28c ndi 2136. Mukaika tayala la 28 koma mkati mukadali 2105, pa makilomita 100 aliwonse kazikudyerani pafupifupi kilomita ndi theka. Kuyeza nokha n'kwabwino koposa: popani tayala, valavu ikhale pansi, lembani ndi choko pa simenti, khalani pa chishalo mukankhe mpaka valavu ibwererenso pansi, muyeze ndi tepi m'mamilimita.

Manambala olumphalumpha aja anachokera ku tochi ya LED yomangidwa moyandikana ndi kasikirini, makamaka ikamaphethira. Kuisunthira mbali ina ya handulo kunathetsa nkhaniyo.

Dzuwa la kuno mu Okutobala ndi nkhani ina. Njinga ikaima panja masana, sikirini imada bii. Sikuti yapsa, imabwerera ikazizira pamthunzi, koma zikamachitika kawirikawiri manambala amayamba kuzimiririka. Muzikachotsa n'kukaika m'thumba mukaima. Thukuta ndi fumbi zimalowa pa chitseko cha batire. Pukutani tizitsulo tamkati ndi kathonje konyowetsa ndi spirit, kamphira kozungulira chitsekocho mukapake Vaseline pang'ono.

Pa miyezi 9 kadya batire limodzi la mu sensa ndi ma cable tie anayi, kasikirini sikanasinthidwe. Kwa wongofuna liwiro ndi mtunda n'kokwanira. Amene amayenda usiku ndi tochi yamphamvu agule ka waya, komwe sikasokonezedwa ndi tochi ndipo batire lake ndi limodzi basi.