Chikwama chofewa chonyamulira ndodo za gofu m'ndege: nsalu ndi yabwino, zipi ndiye ayi

Ngati mukusakasaka chikwama chotsekeramo ndodo za gofu pa ulendo wa pandege, ndipo mutu waima kuti mugule cholimba chapulasitiki chija kapena chofewa chansalu, ine ndinatenga chofewa ndipo mpaka lero ndikuchigwiritsabe ntchito. Ndinachigula m'shopu ina ya zagofu ku Johannesburg. N'chakuda, chansalu yokhuthala ya nayiloni, kumutu anaikako siponji, kumunsi kuli timateyala tiwiri ndi chipulasitiki chokhulira pansi. Dzina lake si lodziwika ndipo silingakuthandizeni, chifukwa zikwama zamtunduwu zimangofanana, chosiyana ndi chizindikiro chimene asokerapo. Mtengo wake sunafike ndi theka lomwe la zotchuka zija, monga Club Glove kapena Sun Mountain, zimene zinali pa shelefu yomweyo.

Ine ndimasewera ku Lilongwe Golf Club, ndipo maulendo anga akunja ambiri ndi a ku South Africa ndi amayi anzanga. Choncho zimene ndinene pano ndaziona pa njira imeneyi: kuchokera ku Kamuzu International Airport kukatera ku OR Tambo, bwalo la ndege la ku Johannesburg, kenako pagalimoto yahayala.

Kunena zoona, bokosi lolimba limateteza kuposa chikwama changachi, ndipo sindingatsutse. Makampani ambiri a ndege amalembanso m'malamulo awo kuti ndodo zikathyokera m'chikwama chofewa iwo sizikuwakhudza, ndiye muziwerenga malamulo a tikiti yanu musananyamuke. Koma bokosi lili ndi mavuto awiri amene wogulitsa sakuuzani. Loyamba ndi galimoto. Mnzanga wina ali ndi bokosi la SKB, labwino zedi, koma silipindika, ndiye tikafika pa malo obwerekera galimoto timayamba tawerengera bokosilo tisanawerenge anthu. Amayi atatu, masutikesi atatu ndi ndodo zathu m'kagalimoto kakang'ono, wina amakhala atapanikizika kumbuyo ulendo wonse wa ku malo achisangalalo a Sun City, womwe ndi wa maola awiri ndi kuposerapo. Changachi ndikangotulutsa ndodo ndimachipinda patatu n'kuchiponya pansi pa mpando. Kunyumbanso chimakhala pamwamba pa wadirobu, osati kudya malo m'chipinda cha alendo.

Vuto lachiwiri ndi sikelo. Pa matikiti ambiri katundu mmodzi sayenera kupitirira makilogalamu 23, ndipo sikelo ya pabwalo la ndege ilibe chibale. Chikwamachi chili chopanda kanthu chimalemera pafupifupi makilogalamu 4 pa sikelo yanga ya kubafa. Chikwama changa chosewerera, chokhala ndi ndodo zonse 14 zimene malamulo amalola, chimafika cha m'ma 11. Ndiye kuti ndatsala ndi malo a nsapato, ambulera, jekete yamvula ndi mipira. Pa mipira musadzinamize kuti ndi tinthu tating'ono: umodzi malamulo amati usapitirire magalamu 45.93, kutanthauza kuti dazeni imodzi ndi theka la kilogalamu ndi kakusefukira. Madazeni atatu mwadya kale kilogalamu ndi theka. Mnzanga wa bokosi uja amayamba kuwerenga makilogalamu ake atadyedwa kale ndi pulasitiki.

Za malipiro sindinganene chimodzi, chifukwa kampani iliyonse ili ndi zake. Ena amawerengera ndodo ngati katundu wanu wamba, ena amazipatsa mwayi wapadera ngati zida zamasewera, ena amalipiritsa. Imbani foni kapena onani pa intaneti tsiku logula tikiti, osati m'mawa wa ulendo.

Tsopano pamene pagona nkhani: chikwama chofewa pachokha sichiteteza ndodo. Siponji ya kumutu kwa changachi ndi yopyapyala, mukaifinya ndi zala ziwiri zalazo zimakumana. Chimene chimateteza ndi mmene mwalongedzera m'katimo, ndipo ine zimanditengera pafupifupi theka la ola pa mkeka wa pabalaza.

Ndodo imene imathyoka kawirikawiri ndi driver, yomenyera mpira patali ija, chifukwa ndiyo yaitali kuposa zonse, ndipo chikwama chikagwa chamutu mphamvu yonse imathera pa khosi pake, pamene shafti, mpini wa ndodoyo, yalowa m'mutu. Ma driver ambiri a masiku ano mutu wake umamasuka ndi kasipanala kamene amakupatsani pogula. Ndimamasula mutuwo, ndi wa ndodo ina yaitali yotchedwa 3-wood womwe, n'kuukulunga m'kava yake n'kuuika m'thumba lam'mbali. Musanamasule jambulani ndi foni pamene panali chizindikiro cha loft, kapendekedwe ka nkhope ya mutuwo, chifukwa mukafika mwatopa simukumbukira kuti munaika pati. Kasipanalako kamalowa m'thumba la mipira, kuti kayende limodzi ndi ndodo. Mashafti opanda mituwo ndimawabwezera m'chikwama ndi kuwamanga pamodzi ndi ma iron aatali, ndodo za mitu yachitsulo yopyapyala zija, kuti azitchinjirizana.

Kenako pamafunika chinthu chotalika kuposa ndodo zonse, choti chikwama chikagwa chiyambe ndicho kugunda. A Club Glove amagulitsa chotchedwa Stiff Arm, ndodo yachitsulo yotalikitsika yokhala ndi kachipewa kapulasitiki pamwamba. Ine ndilibe. Bambo akunyumba anandidulira mpini wa tsache kuti upose ndodo yaitali ndi zala zinayi, pamwamba pake tinavekapo mpira wa tenesi woboola kuti usang'ambe nsalu. Ena amavundikira kandowa kapulasitiki pamitu ya ndodo, nakonso kamagwira ntchito, kungoti kamatupitsa chikwama.

Ma iron ndimawaveka masokosi akale, umodzi umodzi, kenako ndimapititsa thaulo lalikulu pakati pawo mokhotakhota kuti asamagundane. Putter, yogubuduzira mpira m'dzenje, imakhala m'kava yake, yokulungidwanso ndi juzi. Malo onse otsala kumutu ndimadzazamo jekete yamvula ndi mabuluku. Poyesa ndimachiimika n'kuchigwedeza: ndikamva chitsulo chikulira ndiye kuti sindinathe, ndimatsegulanso. Apa ndiyamikire chinthu chimodzi chimene opanga chikwamachi anachiganiza bwino. M'kati muli lamba womangira chikwama chosewerera kuti chisamatsetsereke, ndipo kunja kuli malamba ena atatu okoka. Mukawakoka onse katunduyo amakhala nganganga ngati mtolo wa nkhuni womangidwa ndi luzi lauwisi, palibe chosuntha. Zikwama zina zotsika mtengo lamba wam'katiyu mulibe, ndipo chopanda lambayu ine sindingagule ngakhale atatsitsa bwanji.

Nsalu nayo yapirira. Yakhulidwa pa simenti, yadetsedwa ndi girisi, pakona imodzi yayera chifukwa chokhuzika, koma sinabooke.

Zipi ndiye yandikhumudwitsa. Inayamba kutsegukira kumbuyo chikwama chisanakalambe n'komwe, pamalo pamene imakhota kuzungulira mitu ya ndodo. Mumakoka bwinobwino, mukacheuka mano atasiyana. Ndinapita nacho kwa bambo wina wosoka matenti ndi mipando ya galimoto kumsika. Anachitembenuza, n'kuyendetsa chala pa zipiyo, amvekere: “Mayi, zipi iyi ndi ya diresi, si ya katundu. Akanaika yamano akuluakulu.” Anachotsa yonse n'kuikapo yokhuthala ya matenti yokhala ndi zokokera ziwiri, zoti loko amalowa bwino, ndipo pamakona anadutsapo kawiri ndi ulusi wa nayiloni. Ndinawapemphanso kuti asokerepo kansalu kofiira kumutu, chifukwa zikwama za gofu pafupifupi zonse n'zakuda ndipo pamalo otengera katundu zimaunjikidwa pamodzi. Ndalama zimene ndinawapatsa sizikanagula ngakhale dazeni ya mipira yabwino. Chichokereni kwa bambo amenewo zipi sinavutenso.

Timateyala nato ndi tating'ono. Pa matailosi a m'bwalo la ndege timayenda bwino, koma pa miyala ya poimika magalimoto timakana, mumangochikhwekhwereza. Chikwamachi sichiimanso chokha. Pa mzere wopimitsa katundu mumayenera kuchigwira kapena kuchigoneka pansi, anthu n'kumachilumpha. Ndiponso poyenda kulemera konse kumakhala pa dzanja lanu, moti pofika potulukira phewa limakhala litamva. Apa ndiye ndimasirira ClubGlider ya Sun Mountain, imene ili ndi miyendo yotuluka pakati yokhala ndi mateyala ake, chikwama n'kumayenda chokha inu mukungochitsogolera. Amene muli ndi vuto la msana kapena phewa, ndalama yowonjezerayo si yotaya. Ine ndimangofuna trolley, ndikaipeza nkhani yatha.

Pabwalo la ndege ndodo sizidutsa pa lamba wa masutikesi. Akazipima ndi kumata chikwangwani amakutumizani kumalo a katundu wamkulu, ndipo pofika mumakazitenganso kumalo otero, ndiye musataye nthawi kudikira pa lamba wozungulira uja. Ena amakonda kukulungitsa chikwama ndi pulasitiki. Ine ndinasiya, chifukwa pulasitikiyo imaphimba zogwirira ndipo onyamula amangochikoka paliponse pamene dzanja lagwira. Loko ndi malamba zimandikwanira. Chimene sindilephera ndi kujambula ndodo zonse zili pa mkeka ndisanatseke, ndi kutsegula chikwama pomwepo ndikangochilandira, ndisanatuluke. Chikapezeka chothyoka mukalembetse ku ofesi ya katundu nthawi yomweyo. Pa maulendo a pakati pa mayiko, malamulo a za ndege amapereka masiku 7 okha oti mudandaule molemba za katundu wowonongeka.

Pali zinthu zimene sindiika m'chikwamachi ngakhale malo atakhalapo. Nsapato zosewerera, golovesi, chipewa ndi zovala za tsiku limodzi zimayenda ndi ine m'kachikwama ka m'manja. Ndodo zikatsalira m'mbuyo, makalabu akuluakulu amabwereketsa zina, koma nsapato yatsopano pa mahole 18 imakusiyani ndi matuza. Kamakina koyezera mtunda nakonso kamakhala ndi ine, ndipo mabatire apadera a lithium saloledwa n'komwe m'katundu wopita pansi pa ndege. Mafuta oteteza kudzuwa ndiwo amapita m'chikwama cha ndodo, m'kajumbo komanga bwino, chifukwa m'manja salola botolo loposa mamililita 100. Nsapato zachiwiri ndimaziika m'thumba lakunja la chikwamachi, nditazitsuka kaye dothi ndi udzu. Thumbalo n'lalikulu bwino, limalowa peyala imodzi ndi mabokosi awiri a mipira.

Zovala zimatengera mwezi. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo mu June ndi July m'mawa udzu umachita kuyera ndi chisanu, kuzizira koposa kwa ku Dedza. Pofika masana dzuwa lawala, juzi mwavula. Ndiye ndi bwino kutenga zopyapyala zingapo zovala mosanjikiza kusiyana ndi chijasi chimodzi. M'miyezi yotentha masana kumakonda kugwa mvula yamabingu, sayirini ikalira aliyense amachoka pabwalo, choncho jekete yamvula isatsale. Ubwino wa kumtundako ndi woti mpweya ndi wopepuka, mpira umapita patali kuposa mmene munazolowera, mpaka munthu umadziona ngati katswiri. Malaya akhale a kolala, ndipo nsapato zikhale za timinga tapulasitiki, chifukwa makalabu ambiri sakufunanso tachitsulo. Musaiwale adaputala: mapulagi athu ndi a mano atatu amakona, a ku South Africa ambiri ndi a mano atatu obulungira akuluakulu, ndipo foni yakufa simungaitanire galimoto.

Opita ku Sun City muwonjezere mipira. Kuli mabwalo awiri, Gary Player Country Club kumene kumachitikira mpikisano wa Nedbank Golf Challenge, ndi Lost City. Pa hole 13 ya Lost City pali dziwe la ng'ona zenizeni kutsogolo kwa green, malo a udzu wosalala pamene pali dzenje lolowetsamo mpira. Mpira ukagwera mmenemo mumangousiira eni dziwe.

Kuno kumudzi chikwamachi sindichifuna kwenikweni. Popita ku Mangochi kukasewera mahole 9 a pa Mlambe ndodo zimangolowa m'buti mmene zilili. Ndimachitulutsa pokhapokha ngati katundu akukwera kumbuyo kwa pikapu, chifukwa cha fumbi ndi mabampu. Fumbi chimatchinga ndithu. Mvula ndiye ayi: nsaluyo imapirira kowaza, koma yamphamvu imalowera m'misoko, ndipo mukafika mutsegule zonse ziume, apo ayi zogwirira za ndodo zimayamba kununkha chinyontho ndi kuterera.

Amene mumakwera ndege ndi ndodo mwezi ndi mwezi, kapena ulendo wanu ndi wosintha ndege kawiri katatu, onjezerani ndalama mugule chotchuka kapena bokosi. Kwa ife oyenda mwa apo ndi apo pa ndege imodzi, chotere chikukwana, bola muwerengeretu ndalama ya zipi. Muli m'shopumo yang'anani mano a zipi, pisani dzanja muone ngati lamba wam'kati alipo, tembenuzani muone ngati timateyala tamangidwa ndi mabawuti oti n'kusintha kapena angotimata. Ndipo yezani kutalika kwa m'kati. Malamulo amalola driver kufika mainchesi 48, pafupifupi masentimita 122, ndipo zikwama zina zotsika mtengo zimaperewera mukaikamo ndodo yotetezera ija. Ngati driver yanu ndi yosamasuka mutu, pitani nayo ku shopuko mukaiyeseremo.