Kuyezetsa chinzonono ndi chlamydia pa makina a PCR: mtengo ngowawa, koma yankho limatuluka lomveka

Ndikupereka nyenyezi zinayi mwa zisanu. Imodziyo ndachotsa chifukwa cha mtengo ndi kalandiridwe ka pa lisepushoni. Kuyeza kwenikweniko, kofufuza matenda awiri opatsirana pogonana, chinzonono ndi chlamydia, ndilibe nako mawu, kunagwira ntchito imene ndinalipirira. Ndinayezetsera pa chipatala china cholipira mu Blantyre muno, dzina sinditchula, chifukwa zimene ndikufuna amayi anzanga ndi abambo omwe amve zikukhudza njira yoyezerayi kulikonse kumene angaipeze.

Vuto langa linali chikazi chosasiya ndi kupweteka m'chinena kobwera apo ndi apo. Kuchipatala cha boma ankandithandiza ndithu, mwaulere. Koma kumeneko amayendera zizindikiro: ukafotokoza, akakuona, amakupatsa mankhwala ophimba matenda onse amene angabweretse chizindikiro chimenecho, jakisoni ndi mapiritsi pamwamba. Si ulesi wa madokotala ayi. Ndi njira imene bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza kumadera kumene ma labu ndi ochepa, ndipo ubwino wake ndi woti umachoka utalandira mankhwala tsiku lomwelo. Koma umachokanso osadziwa dzina la chimene wadwala, ndipo munthu amene alibe chizindikiro njirayi simuona n'komwe. Ankandipatsa kakalata koitanira bambo a kunyumba, iwo n'kukayang'ana, n'kukaika pa tebulo. "Nanga ine ndikanene kuti ndikudwala chiyani? Palibe pamene pakundipweteka." Ine ndimamwa mankhwala, ndimachira, pakapita nthawi zayambiranso.

Dzina loti PCR ambirife tinalimva nthawi ya Covid-19, pamene okwera ndege kupita kunja ankafunsidwa kalata yake. Nzeru yake ndi imodzimodziyo. Kale pofuna chinzonono ankapaka mafinya pa kagalasi n'kuyang'ana pa maikulosikopu, kapena kumeretsa tizilomboto m'kambale ka mu labu kwa masiku angapo. Tizilombo ta chinzonono sitichedwa kufa tikangochoka m'thupi, ndiye tikafera m'njira palibe chimamera. Ta chlamydia ndiye tovuta koposa, timangokhala m'kati mwa maselo amoyo, sitimera m'kambale wamba. PCR siidikira kuti kachilombo kamere. Imasaka kachidutswa ka DNA (ulusi wonyamula chibadwa cha chamoyo) kamene kamapezeka mwa kachilombo kameneko basi, ndipo ikakapeza imakachulukitsa ngati makina a fotokope. Makinawo amatenthetsa madziwo kufika pafupifupi madigiri 95 kuti ulusi uwiri wa DNA ulekane, amaziziritsa, kenako ulusi uliwonse umapangidwira mnzake. Kamodzi kamasanduka tiwiri, tiwiri tinayi, tinayi n'kukhala 8. Akabwereza maulendo 30 tafika kupitirira biliyoni imodzi, ndipo apo makina amatiwona mosavuta. Ndi chifukwa chake ngakhale tizilombo tili tochepa kwambiri, mwa munthu amene akudziona ngati wabwinobwino, timagwidwa. Anatulukira njirayi ndi Kary Mullis wa ku America mu 1983, ndipo mu 1993 analandira nayo mphoto ya Nobel.

Makina amene anandiyezera ndi GeneXpert, a kampani ya Cepheid ya ku California. Amene munaperekezapo wodwala chifuwa chachikulu mukuwadziwa, ndi omwe aja amayeza makhololo, amene WHO inawavomereza pa ntchito ya TB mu 2010. Chimasiyana ndi katiriji, kabokosi kapulasitiki kokwana m'dzanja kamene amathiramo zoyezazo. Ka TB n'kena, ka chinzonono ndi chlamydia n'kena. Apa mtima umandiwawa pang'ono: makinawo m'zipatala zambiri za m'maboma alimo kale, koma makatiriji a matenda awiriwa ndiwo sapezekapezeka, chifukwa amagulidwa kunja ndi madola.

Chimene ndinkaopa kwambiri chinali kugona pa bedi lija miyendo ili m'mwamba, chitsulo chozizira chija chikulowa. Sizinachitike. Anamwino anandipatsa kapaketi, m'kati muli kamtengo kopyapyala ka thonje kunsonga ndi kachubu ka madzi pang'ono. "Mayi, lowani umo mutseke chitseko. Musagwire kunsongako. Mulowetse ngati masentimita asanu, muzungulitse pang'onopang'ono kakhudze m'mbali, muike m'kachubu, muthyole pamene pali kamzerapo, mutseke zolimba." Basi. Sizinapweteke ngakhale pang'ono, ndipo kamtengoko kanathyoka pa kamzere pomwepo ndi kaphokoso kakang'ono. Ndinafunsa ngati kudzitenga wekha sikuchepetsa mphamvu ya kuyezako, anati ayi, kwa amayi thonjelo limagwira bwino kuposanso mkodzo.

Kwa abambo ndi mkodzo, koma pali kachinsinsi kamene ambiri amaphonya. Tinazolowera kuti poyezetsa matenda a m'chikhodzodzo umayamba wataya mkodzo woyamba n'kutunga wapakati. Apa n'zosiyana. Amafuna woyambirira weniweniwo, umene umatsuka njira, pang'ono chabe, osadzaza botolo. Ndipo usakhale utakodza mu ola lapitalo, usapukute kapena kutsuka kunsonga usanatunge. Ukadzaza botolo wasungunula zimene akuzifunazo.

Makinawo amatenga mphindi ngati 90 kuti atulutse yankho, ndipo pa lisepushoni anandiuza molimba mtima kuti ndidikire pang'ono ndinyamula zotsatira. Sizinatero. Magetsi anazima, jenereta inachedwa, ndipo makinawo anali ndi mzere wa ena. Ndinakatenga mawa lake. Sindinakwiye nazo kwambiri, koma akanandiuza zoona poyamba sindikanataya masana onse pa benchi.

Pepala lake ndi losavuta kuwerenga. Mizere iwiri: CT, imene ndi chlamydia, analemba DETECTED. NG, chinzonono, NOT DETECTED. Dokotala amene anandifotokozera ndimupatsa nyenyezi zonse zisanu payekha. Sanandiyang'ane ndi diso lachilendo, sanandilalikire. Anandilembera doxycycline wa 100 mg, kawiri pa tsiku kwa masiku 7, atayamba wafunsa ngati ndili ndi pakati, chifukwa woyembekezera samwa ameneyu, amapatsidwa wina monga azithromycin. Jakisoni wa chinzonono sanandibaye popeza chinzononocho panalibe. Anatsindika kuti tisakhalire pamodzi mpaka tonse awiri titamaliza mankhwala, apo ayi tizingobwezerana.

Tsono apa ndi pamene ndalama yanga inabwerera. Pepala lija ndinafika nalo kunyumba. Kakalata koitanira kaja ankakakana chifukwa kanalibe dzina la matenda, koma ili linali ndi dzina, tsiku ndi chidindo cha labu. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Ndiye kuti inenso ndikayezetse?" Dokotala anali atanena kale kuti mnzako wogona naye amayenera kulandira mankhwala ngakhale osayezetsa, koma iwo anafuna kudzionera okha, ndipo tinalipiranso. Zinatuluka chimodzimodzi. Munthu wopanda mafinya, wopanda kuwotcha pokodza, wopanda chilichonse.

Ndikudziwa funso limene lili m'mutu mwanu, chifukwa linali m'mutu mwanga, ndi mwawonso. Wabweretsa ndani? Makinawo sayankha zimenezo. Sanena kuti kachilomboko kanalowa liti, kapena kanayambira mwa yani. Chlamydia imatha kukhala phee m'thupi miyezi yambiri, ngakhale kupitirira chaka, osadziwika. Dokotala anatiuza zimenezi tili tonse awiri, ndipo anachita bwino kutiuza tisanayambe kulozana zala. Sindikunena kuti m'nyumba munalibe mawu. Analimo, ena owawa. Koma izo ndi za ife ndi ankhoswe athu, labu sinalonjeze kuweruza mlandu. Kwa mayi amene akudziwa kuti kufika ndi pepala lotere kunyumba kungamuike pa ngozi ya kumenyedwa, auziretu dokotala kapena anamwino, athandizane njira ina yomuitanira bamboyo.

Wina anganene kuti matenda osapweteka bwanji kuwatayira ndalama. WHO inawerengera kuti mu 2020 mokha padziko lonse panali matenda atsopano a chlamydia okwana 129 miliyoni, ndi a chinzonono 82 miliyoni, ndipo ambiri mwa odwalawo sankadziwa. Mwa mayi, tizilomboti tikakwera kuchoka pa khomo la chiberekero timatupitsa machubu, machubuwo n'kutsala ndi zipsera, n'kutsekeka. Mapeto ake ndi kusabereka, kapena mimba yokhala m'chubu imene imatha kupha munthu usiku umodzi. Mwana wobadwa kwa mayi wodwala amatha kutuluka mafinya m'maso. Ndipo tikudziwa kwathu kuno nyumba ikakhala yopanda mwana amene amanyozedwa ndi ndani, amene amazunguliridwa naye kwa asing'anga ndi kumapemphero ndi ndani. Nthawi zina chinayambitsa ndi kachilombo kamene kakanatha ndi mapiritsi a sabata imodzi.

Koma musapite mukuganiza kuti mwayezetsa zonse. Apa ndi pamene otsatsa malonda amakonda kudumpha. Makinawo amayankha funso limene afunsidwa basi. Katiriji imene anandiyezera imasaka matenda awiri. Chindoko ndi HIV amayeza magazi, padera. Kachilombo ka trichomonas, kamene kamabweretsa kuyabwa ndi chikazi chonunkha chimene ambiri timangoti mauka, kali ndi katiriji yakeyake ndi mtengo wakewake. Palinso chikazi chobwera chifukwa cha mafangasi kapena kusokonekera kwa tizilombo tachibadwa ta kumaliseche, chimene si matenda ochita kupatsirana n'komwe, ndipo pa pepala ili sichioneka. Choncho NOT DETECTED sakutanthauza kuti mulibe kanthu m'thupi monse. Funsani musanalipire kuti pa ndalamayi akusaka matenda ati, awatchule limodzi ndi limodzi.

Malo otengapo nawonso ndi nkhani. Tizilomboti timakhala pamene tinalowera. Ngati kugonanako kunali kwa m'kamwa kapena kumbuyo, mkodzo sungaonetse zimene zili kukhosi kapena kumbuyoko, pamafunika thonje la pamenepo. Ine palibe anandifunsa zimenezi, ndipo ndikuona kuti amayenera kumafunsa aliyense, mopanda manyazi, chifukwa wodwala payekha sangayambitse nkhani yotere.

Nthawi nayonso. Ukathamangira kuyezetsa m'mawa mwake utagona ndi munthu amene ukumukayikira, makinawo akhoza osapeza kanthu chifukwa tizilombo sitinachulukane. Amalangiza kudikira masabata awiri ngati palibe zizindikiro. Zizindikiro zikakhalapo osadikira, pitani. Komanso amene wangomwa kumene makapusozi ogula pa golosale akhoza kubisa matendawo osawapha, ndiye muuzeni dokotala chilichonse chimene mwamwa. Mbali ina ndi yodabwitsa: popeza PCR imasaka DNA, imawonanso ya tizilombo takufa. Ukabwerera msangamsanga utangomaliza mankhwala, pepala likhoza kunenabe kuti matenda alipo pamene anatha. Kwa chlamydia anandiuza kuti ndisayezetsenso pasanathe masabata atatu, ndipo nthawi yabwino yobwerera ndi pakatha miyezi itatu, osati chifukwa mankhwala sagwira, koma chifukwa kutenganso kumachitika kawirikawiri.

Chofooka china n'chakuti kuyeza kumeneku sikuuza dokotala kuti ndi mankhwala ati amene angaphe chinzonono chimene wapezeka nachocho. Chinzonono chakhala chikupima mankhwala motsatizana, penicillin anagonja, ciprofloxacin naye m'madera ambiri anagonja. Ngati wabayidwa jakisoni koma mafinya sakusiya, njira yakale ija yomeretsa m'kambale ndi imene imafunika kuti aone mankhwala ogwira.

Tsono za nyenyezi ndachotsa ija. Mtsikana wa pa lisepushoni anawerenga fomu yanga mokweza, kufunsa mnzake wa pa kashiya kuti ya chlamydia ndi ndalama zingati, anthu ali thithithi pa benchi. Ndinangowerama. Blantyre ndi waung'ono, pa benchi lotere sipalephera kukhala wa kutchalitchi kwanu kapena wa kuntchito. Chipatala chimene chikugulitsa kuyeza kotere chikugulitsanso chinsinsi, ndipo antchito akutsogolo ayenera kuphunzitsidwa zimenezo. Anafunanso kunditumizira zotsatira pa WhatsApp osandifunsa ngati foniyo ndimagwira ndekha. Kwathu ana amaseweretsa foni yanga madzulo aliwonse. Ndinakana, ndinati ndidzatenga ndi manja anga mu envelopu.

Mtengo sindiulemba pano chifukwa ndi mmene kwacha ikuyendera, umene ndinalipira ine mwina wasintha kale. Ndingoti ndi wokwera moti ogwira ntchito ambiri angayambe aganiza kawiri, ndipo unabwera m'zidutswa: yoonana ndi dokotala payokha, ya labu payokha, ya mankhwala payokha, kenako zonsezo kubwerezanso kwa bambo. Imbani foni musananyamuke, mufunse mtengo wonse pamodzi, mufunse ngati amayeza pomwepo kapena amatumiza kwina, chifukwa akatumiza kwina masiku amachuluka. Amene muli pa sikimu ya zaumoyo funsaninso ngati amalipira kuyeza kumeneku.

Amene akuona mafinya kapena zilonda lero ndipo ndalama alibe, asakhale kunyumba kusonkha ya PCR. Apite kuchipatala cha boma akalandire mankhwala, amagwira. PCR ndikuilimbikitsa kwa amene zikumubwererabwerera ngati mmene zinkandichitira ine, kwa banja limene likufuna mwana, kwa awiri amene akufuna kusiya makondomu, ndi kwa amene mnzake akukana mankhwala ponena kuti sakudwala. Ife tibwererako miyezi itatu ikakwana, ndipo ulendo uno ndiwonjezera ya trichomonas.