Mkeka wotchinga madzi m'garaja: zomwe ndaona titaugwiritsa ntchito chisanu chonse mumzinda wa Winnipeg ku Canada

Garaja yathu ndi yolumikizana ndi nyumba, choncho mkati mumakhala mofundirako ngakhale kunja kutazizira kufika pa madigiri -30. Galimoto ikangolowa, chipale chofewa chomwe chamatirira kumatayala ndi kunsi kwake chimayamba kusungunuka, ndipo pofika m'mawa timapeza chithaphwi chakuda bii. Pansi pake palibe ngalande, ndipo simenti inapendekera kukhoma m'malo mopendekera kuchitseko. Chaka chatha madziwo ananyowetsa makatoni a zovala ndi thumba la ufa lomwe tinagula modula kusitolo ya zakudya za ku Africa. Zinandiwawa kwambiri.

Komatu si madzi wamba. Amabwera ndi mchere ndi mchenga zomwe amathira m'misewu kuti isaterere. Akalowa m'ming'alu n'kuundana amafufuma pafupifupi 9 peresenti, simenti n'kuyamba kusupuka. Pathu pafupi ndi chitseko panali patayamba kale kufumbutuka ngati chigumu chouma.

Mkekawu ndinaugula mu Novembala. Ndi wa pulasitiki ya PVC, wokhuthala ngati tenti ya lole, mamita 2.4 m'lifupi ndi 5.5 m'litali, ndipo m'mphepete monse ndi motukuka pafupifupi masentimita atatu chifukwa muli siponji. Galimoto imapondapo polowa, siponjiyo n'kubwerera m'malo mwake. Unabwera wopindapinda, ndipo makwinya anatenga masiku angapo kuti awongoke. Mukagula, uyaleni kaye m'nyumba motentha, musalimbane nawo uli wouma gwa ndi chisanu.

Ntchito yake umagwira. Madzi onse ogweramo amatsalira mkati mwake, khoma ndi louma, makatoni ndi ouma, ndipo ana akamatsika m'galimoto pobwera kusukulu saponda m'thope. Tsiku lina m'Januwale kutagwa chipale chambiri ndinachotsamo ndowa zitatu, popanda ndi dontho lomwe lodutsa m'mphepete.

Koma amene akuganiza kuti akagula ndiye wathana nazo, ayi ndithu. Mkekawu umasunga madzi, suwachotsa. Wochotsa ndinu. Poyamba ndinkawakankhira panja ndi mphira yokokera madzi, koma ankaundana pakhomo pomwepo, pakhala poterera moopsa, ndipo m'mawa wina mphira ya kunsi kwa chitseko inamatirira pansi. Panopa ndimawayamwa ndi vacuum yokoka madzi, kawiri kapena katatu pa sabata. Mukawasiya nthawi yayitali garaja imadzaza chinyontho, mawindo amachita thukuta, zitsulo n'kuyamba dzimbiri. Chinanso chomwe chathandiza n'kugogoda chipale cha kumatayala galimoto isanalowe.

Zondidandaulitsa zilipo ziwiri. Mukakhotetsa matayala galimoto ili chiimire pamwamba pake, mkekawo umakwinyika n'kusuntha, ndiye muzilowa molunjika. Chachiwiri ndi kukula. Ndinayeza galimoto yokha, osaganizira kuti madzi amadonthanso kuchokera kuzitseko ndi kumbuyo. Mbali yomwe ndimatsikira pamanyowabe pang'ono. Ndikanadziwa ndikanatenga wa mamita asanu ndi limodzi wotambalalako. Amene muli ndi matayala a misomali yoletsa kuterera, omwe m'chigawo chathu chino cha Manitoba amaloledwa kuyambira Okutobala mpaka Epulo, funsani kaye wogulitsa musanalipire, chifukwa nsalu ngati iyi ikhoza kubooka. Athu ndi matayala a m'chisanu opanda misomali, ndipo sitinaone chibowo.

Kumapeto kwa Epulo tinautulutsa panja ndi amuna anga, tinautsuka ndi paipi, mchenga wokha unakwana theka la ndowa. Titauchotsa tinapeza kunsi kwake kuli kachinyezi pang'ono, koma simenti sinawonongekenso kuposa mmene inalili. Taupinda, uli pashelefu, ndipo mu Novembala tiuyalanso. Ndaupatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu.