Chipatala cha tisingano chimene chimalola wodwala kubwera ndi nyimbo zake

Chipatala chaching'ono chimene ndikufuna kufotokoza pano chimapereka chithandizo cha mtundu umodzi wokha, cha acupuncture, chomwe ndi kubaya thupi ndi tisingano tating'ono kwambiri m'malo osankhidwa bwino pofuna kuchepetsa ululu. Ndakhala ndikupitako kwa milungu ingapo chifukwa cha mutu umene wandisautsa kwa zaka zambiri, ndipo ndikuona kuti ndi malo oyenera kwa munthu amene anapimidwa kale ndi dokotala ndipo akudziwa chimene chikumuvuta. Ndikutero chifukwa mayi amene amapereka chithandizocho salonjeza zimene tisingano sitingathe kuchita, komanso chifukwa amalimbikitsa wodwala aliyense kubwera ndi nyimbo zakezake zoti azimvetsera pamene tisinganoto tili m'thupi. Chachiwirichi poyamba ndinkachiona ngati chongokometsera, koma tsopano ndi chimene ndimachiyamikira kwambiri pamalopa.

Mutu wanga si waching'alang'ala ayi. Ndi uja umene umakanikiza mbali zonse ziwiri ngati lamba womangidwa mothina kuzungulira pachipumi, n'kutsikira kunkhongo ndi m'mapewa. Madokotala amauwerengera kuti ndi wokhalitsa ukamabwera masiku 15 kapena kuposerapo pamwezi kwa miyezi yoposa itatu, ndipo wangawu unali utafika pamenepo. Tsiku loyamba mayiwa sanathamangire kutulutsa tisingano. Anandifunsa ngati ndinaonana ndi dokotala, ngati ndinayezetsa kuthamanga kwa magazi ndi maso, ngati ndimamwa mankhwala oletsa magazi kuundana, ndiponso kuti ndi masiku angati pamwezi amene ndimamwa mankhwala opha ululu. Funso lomalizali n'lofunika kwambiri, chifukwa munthu akamamwa paracetamol kapena ibuprofen masiku 15 kapena kuposerapo mwezi uliwonse, mankhwala omwewo amatha kuchititsa kuti mutu uzibwerabwera. Kenako anayang'ana lilime langa n'kugwira pamikono yonse iwiri kuti amve kugunda kwa magazi, monga amachitira asing'anga a ku China, ndipo anandipatsa pepala loti ndizilembapo tsiku lililonse limene mutu wandipweteka.

Ukhondo wa pamalopa sindinaupeze chifukwa. Kasingano kalikonse kamakhala m'kapepala kake komata, amakatsegula wodwala akuona, ndipo akakazula amakaponya m'kabokosi kolimba kotayamo zinthu zakuthwa moti sikagwiranso ntchito kwa munthu wina. Tisinganoti n'tachitsulo chosachita dzimbiri, tolimba mkati monse popeza sitilowetsa mankhwala alionse, ndipo kunenepa kwake ndi pafupifupi gawo limodzi la magawo anayi a milimita. Mayiwa amaika kasingano m'kachubu kapulasitiki, amakhazika kachubuko pakhungu, amagogoda pamwamba pake kamodzi ndi chala, ndipo pamene munthu akuti amve kupweteka kasingano kamakhala kalowa kale. Kwa ine amabaya kunkhongo m'timaenje tiwiri ta pansi pa chigaza, malo otchedwa Fengchi, komanso m'mbali mwa mutu pafupi ndi maso, pamwamba pa mapewa, ndi pamnofu wa pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, pamene amati Hegu. Akapotokola kasingano pang'ono pamabwera kulemera kosakanikirana ndi dzanzi kumene kumayenderera m'mnofu, ndipo akatswiri a chithandizochi amakutcha deqi. Sikosangalatsa, koma sikufika poti munthu n'kufuula. Malo obayawa anthu sachita kulota: mu 2008 bungwe la World Health Organization linasindikiza ndondomeko yogwirizanitsa malo 361 oterewa, chifukwa akatswiri a ku China, Japan ndi Korea ankasiyana pa ena mwa malowo.

Ndinawafunsa mayiwa kuti kwenikweni tisingano timachita chiyani m'thupi, ndipo yankho lawo ndi limene linandipatsa chikhulupiriro mwa iwo. Anandiuza kuti mabuku akale a ku China, monga Huangdi Neijing limene linalembedwa zaka zoposa 2,000 zapitazo, amanena za mphamvu yotchedwa qi imene imayenda m'njira zake m'thupi, koma anawonjezera kuti njira zimenezo palibe amene anaziona pong'amba thupi la munthu. Zimene asayansi apeza n'zakuti kubayako kumadzutsa minyewa ya pakhungu ndi m'minofu, ndipo ubongo umatulutsa timadzi take tochepetsa ululu totchedwa endorphin. Nditawerenga pandekha ndinapeza kuti zimene ananenazo zikugwirizana ndi kafukufuku. Mu 2016 bungwe la Cochrane linaunika kafukufuku 12 wokhudza anthu 2,349 odwala mutu wofanana ndi wanga, ndipo linapeza kuti mwa anthu amene anabayidwa moyenera, 51 pa 100 alionse masiku awo odwala mutu anatsika ndi theka kapena kuposa, pamene mwa amene anabayidwa mongoyerekezera anali 43 pa 100 alionse. Kusiyanaku kulipo ndithu, koma n'kochepa, ndipo kukusonyeza kuti mbali yaikulu ya phindu imachokera ku zonse zozungulira kubayako, monga kugona phee, kusamalidwa ndi munthu wodekha, ndi chiyembekezo cha wodwalayo. Bungwe la NICE, limene limalangiza zipatala za boma ku England, linanena mu 2012 kuti wodwala mutu wotere angayesedwe ndi chithandizochi mpaka maulendo 10 pa milungu isanu kufika isanu ndi itatu. Pa nkhani ya msana akatswiri sagwirizana: NICE yomweyo inakana acupuncture pa ululu wa m'munsi mwa msana mu 2016, koma mu 2017 bungwe la madokotala a ku America la American College of Physicians linaiika pamndandanda wa njira zoyamba kuyesa munthu asanapatsidwe mankhwala. Mayiwa sabisa zimenezi, ndipo ndinawamva akuuza wodwala wina mosapita m'mbali kuti matenda ake a shuga si a tisingano, apitirize kumwa mankhwala amene dokotala anamulembera.

Ngati zozungulira kubayako zili ndi mphamvu chotere, ndiye kuti mphindi 20 kapena 30 zimene munthu amatsala yekha pabedi, tisingano tili m'thupi, si nthawi yongodikira. Apa ndi pamene nyimbo zimalowera. Wodwala amene sanabwere ndi zake amamuikira nyimbo zachitchaina za chitoliro ndi guqin, choimbira chakale cha nsambo zisanu ndi ziwiri. Nyimbo zimenezi zili ndi chiyambi chake, pakuti asing'anga akale a ku China ankagwirizanitsa maliwu asanu a nyimbo zawo, gong, shang, jue, zhi ndi yu, ndi ziwalo zisanu za m'thupi, zomwe ndi kapamba, mapapo, chiwindi, mtima ndi impso. N'zokoma m'khutu, ndipo ndikudziwa kuti ena zimawagoneka tulo, koma ine sizinandifike pamtima. Ndinkagona pamenepo maganizo ali kuntchito, mano nditaluma, mapewa ali m'mwamba. Mayiwa atabwera kudzazula tisingano anagwira paphewa langa n'kupeza kuti mnofu udakali gwa, ndipo anati: “Bambo, ulendo wotsatira mubwere ndi nyimbo zimene mukazimva mumaiwala kuti pali munthu akukuyang'anani.”

Ndinabwera ndi nyimbo za kwaya zimene malemu mayi anga ankakonda. Mayi anga sanali woimba wodziwika, ndipo ankaimba mawu apansi aja amene munthu sawamva bwino gulu lonse likamaimba, koma madzulo akamamalizitsa ntchito za pakhomo ankang'ung'udza mbali yawo yokhayo, popanda wotsogolera, moti ine ndinakula ndikudziwa nyimbo zambiri kuchokera kunsi kwake. Mpaka lero kwaya ikayamba kuimba khutu langa limasiya mawu apamwamba n'kupita kukafunafuna mzere wapansiwo, ndipo likaupeza ndimamva ngati ndalowa m'nyumba imene muli munthu wondidziwa. Pabedi lija, dzanja lili ndi kasingano ndipo sindingalisunthe, ndinazindikira kuti mpweya wanga wayamba kutsatira mizere ya nyimbo: oimba akamakoka mawu ataliatali, inenso ndinkatulutsa mpweya pang'onopang'ono mpaka iwo atapuma. Nsagwada zinamasuka zokha. Kulemera kwa deqi kuja, kumene poyamba ndinkakumvetsera mwamantha, kunalipobe koma kunasiya kukhala chinthu chokhacho chimene chili m'mutu mwanga.

Ndimakhulupirira kuti nyimbo yoti munthu anakula nayo imachita zimene nyimbo yachilendo, ngakhale yokoma bwanji, singachite. Nyimbo yachilendo munthu amaimvetsera ali tcheru, kudikira kuti ipita kuti, pamene yodziwika thupi limaidziwiratu njira yake yonse ndipo limasiya kudzitchinjiriza. Ofufuza a pa yunivesite ya McGill ku Canada anasonyeza mu 2011 kuti munthu akamamvetsera nyimbo imene amaikonda kwambiri ubongo wake umatulutsa dopamine, timadzi togwirizana ndi chisangalalo, ndipo umayamba kutero mbali yokondedwayo isanafike n'komwe, munthu akungoiyembekezera. Mu 2015 magazini ya zachipatala ya The Lancet inafalitsa kauniuni wa kafukufuku 73 wokhudza odwala pafupifupi 7,000 amene anachitidwa opaleshoni, ndipo anapeza kuti amene ankamvetsera nyimbo ankamva ululu wocheperako, nkhawa zawo zinkatsika, ndiponso ankafuna mankhwala opha ululu ochepa. Choncho zimene mayi wa pachipatala uja amachita, zolimbikitsa odwala kubwera ndi nyimbo zawo, zili ndi maziko, ndipo sizimulipiritsa wodwala kanthu kena.

Koma nyimbo ya tanthauzo imatha kukhalanso yolemera kuposa mmene malo oterewa akufunira. Pa nyimbo zimene ndinabwera nazo panali ina imene inaimbidwa tsiku limene tinaika mayi anga m'manda, ndipo itangoyamba chifuwa chinandithina, misozi inatsikira m'makutu chifukwa ndinali chagada, ndipo khosi limene linali litamasuka linaumanso moti tisingano ta kunkhongo tinayamba kusautsa. Mayiwa atamva kupuma kwanga analowa, sanafunse zambiri, anatsitsa mawu a nyimboyo n'kuima pafupi mpaka nditakhazikika, kenako anati: “Imeneyo muziimvera kunyumba, bambo, pamene mungathe kudzuka n'kuyendayenda.” Ndinaona kuti ananena zanzeru, ndipo ulemu umene anandisonyeza pa mphindi imeneyo ndimauwerengera pa ubwino wa chipatalachi mofanana ndi luso la manja awo.

Zolakwika zilipo, ndipo zina n'zosavuta kukonza. Zipinda anazigawa ndi matabwa opyapyala osafika kudenga, choncho nyimbo za wodwala wa chipinda china zimalowerera, komanso, chomwe chili choipa kwambiri, zimene iye akuuza mayiwa za matenda ake zimamveka. Kasipika kolumikiza ku foni n'kamodzi kokha, ndipo amene wakaphonya amagwiritsa ntchito mahedifoni, omwe amavuta kwa munthu amene wabayidwa m'mbali mwa mutu. Nthawi yopangana saisunga bwino masana. Chimene sindinachikonde n'komwe ndi shelefu ya mankhwala a zitsamba imene ili polandirira alendo, pamene wolandira alendo amaumiriza anthu kugula timabotolo tina tosalembedwa bwino zimene zili m'kati mwake. Zitsamba zina zimasokonezana ndi mankhwala a kuchipatala ndipo zina zimavulaza chiwindi kapena impso, choncho malonda oterewa akutsutsana ndi kuona mtima kumene mayiwa amaonetsa m'chipinda chobayira. Ine sindinagule, ndipo sindingalangize munthu kugula asanafunse dokotala wake.

Pepala lija anandipatsa likusonyeza kuti masiku odwala mutu achepa moonekeratu, ngakhale kuti mutuwo sunatheretu, ndipo ukabwera sukhalitsa monga kale. Mankhwala opha ululu ndikumwa mwa apo ndi apo, tulo ndikugona bwinoko, ndipo ndikuona kuti tisingano, nyimbo, kupuma ndi kuchepetsa mapiritsi zagwirira ntchito limodzi. Zovuta zimene ndakumana nazo ndi kamkwingwirima padzanja kamene kanatha patapita masiku ochepa, ndi kutopa kumene kumandigwira ndikangotuluka, moti ndimayamba ndakhala pansi kanthawi ndisananyamuke.

Chithandizochi si cha aliyense. Munthu amene mutu wamuyamba mwadzidzidzi ndi ululu woopsa, kapena ukubwera limodzi ndi kutentha thupi ndi kuuma khosi, kufooka kwa mbali imodzi ya thupi, kusaona bwino kapena kusokonekera polankhula, athamangire kuchipatala chachikulu nthawi yomweyo. Mayi woyembekezera, munthu womwa mankhwala oletsa magazi kuundana monga warfarin, ndi amene ali ndi kachipangizo kothandiza mtima kugunda ayenera kunena zimenezi asanagone pabedi, makamaka chifukwa nthawi zina tisingano amatilumikiza ku magetsi ochepa mphamvu. Ndi bwinonso kufunsa za maphunziro ndi chilolezo cha wobayayo, popeza kasingano kolowa mozama pachifuwa kapena pamwamba pa msana kangathe kuboola mapapo, ngakhale kuti zimenezi sizichitika kawirikawiri. Amene watsimikiza zopita adyeko pang'ono kuti asachite chizungulire, ndipo asanjiretu pa foni nyimbo zokwana theka la ola, zosungidwa kale kuti zotsatsa malonda zisamadule pakati, chifukwa tisingano tikalowa m'manja sadzathanso kugwira foniyo mpaka mayiwa atabwera kudzatizula.