Lenzi ya Nikon AF-P 70-300mm VR pojambula nkhwazi za ku Senga Bay

Kwa amene akuyamba kujambula mbalame zikuuluka koma m'thumba muli mopepuka, lenzi ya Nikon AF-P DX 70-300mm f/4.5-6.3 VR, yomwe inatuluka mu 2016, ndi yoyenera kugula. Imalemera magalamu 415 okha, choncho mkono sutopa potsatira nkhwazi kuchokera pamtengo mpaka pamadzi, ngakhale muli m'boti lopita ku zilumba za Maleri.

Ubwino wake waukulu ndi fokasi, yomwe imagwira mwachangu komanso mwakachetechete. Ikani kamera pa AF-C (fokasi yotsatira chinthu chikamayenda), gwirani mbalame idakali patali, kenako muziitsatira osachotsa chala. Zithunzi zambiri zimawonongeka chifukwa fokasi yathawira pamafunde kapena pamitengo ya kumbuyo, diso la mbalame n'kutuluka lachimbuuzi. Pamenepo chithunzi chafa, ngakhale mapiko atambasuke bwanji.

Pofooka pake ndi kuwala. Pa 300mm imangotsegula mpaka f/6.3, kutanthauza kuti kuwala kumalowa kochepa, pamene mapiko amafuna shutter (nthawi imene kamera imalowetsa kuwala) ya 1/2000 ya sekondi kuti asaoneke opakika. Dzuwa likapendeka, ISO (mphamvu ya kamera yomvera kuwala) imakwera mpaka 1600 kapena 3200, nthenga za bulauni n'kudzaza timadontho. Komanso ku Senga Bay nyanja ili kum'mawa: m'mamawa mbalame ya pamadzi imatuluka yakuda bii chifukwa dzuwa lili kumbuyo kwake. Mukaima pamchenga, nthawi yabwino ndi kuyambira 3 koloko masana, dzuwa lili kumsana kwanu. Mutu woyera wa nkhwazi suchedwa kupsa, nthenga osaonekanso, ndiye tsitsani exposure (kuwala kwa chithunzi) ndi 0.7. Pa kakowa, tsitsani ndi 1 yathunthu.

Pa anamzeze, 300mm ndi yaifupi. Mudzangokhalira kudula chithunzi mpaka kutha.

Pogula yakale samalani ziwiri. Ilipo inzake yooneka chimodzimodzi yopanda VR (yochepetsa kugwedera kwa chithunzi), choncho onani zilembozo palenzi penipeni. Chachiwiri, pamakamera akale monga D3100, D3200, D5100 ndi D90 fokasi sigwira n'komwe, ngakhale kupotokola ndi dzanja. Pa D3500, D5600 ndi D7500 palibe vuto.

Lenziyi imatalika mukamazuma, ndipo nthawi ya mwera imakoka fumbi ndi timchenga. Ikani fyuluta ya 58mm kutsogolo, ndipo musasinthire lenzi kugombe. Dzinja likafika isungeni m'bokosi lotseka bwino muli silica gel (timibulu toyamwa chinyezi), apo ayi nkhungu imamera m'kati mwa magalasi.