Chipinda cha khonde pa sitima za ku Durban: ndani alipire, ndani asunge ndalama yake

Chaka chilichonse, kuyambira mu Novembala mpaka cha m'ma Epulo, kampani ya MSC imabweretsa sitima yake yapamadzi yonyamula anthu okasangalala ku South Africa. Nthawi zambiri imanyamukira ku Durban, pa malo okwerera sitima a Nelson Mandela Cruise Terminal amene anatsegulidwa mwamwambo mu 2023, ndipo masabata ena imasamukira ku Cape Town. Maulendo ambiri ndi aafupi: masiku atatu ogona m'sitima kupita ku Portuguese Island, pafupi ndi chilumba cha Inhaca ku Mozambique, kapena anayi kupita ku Pomene, m'dziko lomwelo. Ena amatalika mpaka ku Walvis Bay ku Namibia, kapena ku Mauritius ndi Réunion. Aliyense wogula tikiti amapatsidwa zosankha zikuluzikulu zitatu: chipinda cham'kati chopanda zenera, chipinda cha zenera losatseguka, ndi chipinda cha khonde. Maganizo athu ndi akuti pa ulendo wa masiku atatu kapena anayi, anthu ambiri amalipira khonde limene salikhalamo. Pa ulendo wa sabata kapena kupitirira apo, khonde limabweza ndalama yake, bola nambala ya chipinda muisankhe nokha.

Choyamba dziwani chimene mukugula. Bedi ndi lofanana m'zipinda zonse zitatu, bafa ndi lomwelo, chakudya ndi chomwecho, ndipo wokonza m'chipinda amabwera chimodzimodzi. Chowonjezera ndi chitseko cha galasi chokankhira pambali ndi kakhonde ka masikweya mita atatu mpaka asanu, kokhala ndi mipando iwiri ndi katebulo kakang'ono. Amene wazolowera khonde la kunyumba, pamene banja lonse limayala mphasa n'kumacheza, asayembekezere zotero. Apa anthu awiri akakhala pansi, malo atha, ndipo mawondo amatsala pang'ono kugunda galasi lotchingira kunyanja. Pogona chagada n'kuwothera dzuwa palibe. Chimene mumapeza kwenikweni ndi kuwala kwa dzuwa m'chipinda, mpweya wakunja nthawi iliyonse imene mwaufuna, ndi malo anuanu opanda zoimbaimba za kudziwe losambira. Pa sitima yodzaza anthu oposa 2,000, chachitatuchi si chinthu chochepa.

Sitima imene yabwera chaka chimenecho imasinthanso nkhani. MSC Musica ya mu 2006 ndi MSC Orchestra ya mu 2007 zili ndi zipinda za khonde zambiri, choncho mtengo wake sutalikirana kwambiri ndi wa zipinda za zenera. MSC Opera ya mu 2004 ndi ya mamangidwe akale. Mu 2015 anaidula pakati n'kuikapo chigawo china cha mamita pafupifupi 24, koma makonde ake ndi ochepabe poyerekeza ndi zinzakezo. Pa sitima yotere makonde amatha msanga ndipo kampani ilibe chifukwa chotsitsira mtengo.

Mitengo imasintha sabata ndi sabata, makamaka mu Disembala ndi nthawi ya tchuthi cha ana asukulu, choncho werengerani nokha. Mtengo umene mumauona ndi wa munthu mmodzi pamene mukugona awiri. Tengani kusiyana kwa chipinda cha khonde ndi cham'kati, chulukitsani kawiri, kenako gawani ndi maola amene mudzakhaledi pakhondepo. Tiyerekeze kuti kusiyanako ndi R3,000 pa munthu. Kwa awiri ndi R6,000. Mukakhalapo maola anayi ulendo wonse, ola lililonse mwalipira R1,500. Kumbukiraninso kuti tikiti si mapeto a zolipira. Pali ndalama ya antchito imene amawerengera munthu aliyense usiku uliwonse, zakumwa, intaneti ndi maulendo a kumtunda, ndipo m'sitimamo zinthu amawerengera m'madola a ku America, osati m'marandi. Ngati khonde lidya ndalama imene mukanalipirira zimenezi, mudzakhala m'chipinda chokongola koma mukuopa kugula ndi kapu ya khofi yomwe.

Maola anayiwo sitikuchepetsa dala. Onani mmene ulendo wa ku Portuguese Island umayendera. Tsiku loyamba limathera pamzere wolowera, kudya, kuyendera sitima ndi maphunziro a zadzidzidzi amene aliyense ayenera kuchita. Sitima ikamatuluka pa doko la Durban anthu onse amakhala pamwamba penipeni, chifukwa ndi pamene umaona mbali zonse ziwiri, mzinda kuno, phiri la Bluff uko. Pakhonde umaona mbali imodzi yokha. Tsiku la kuchilumba sitima siifika kugombe; imaponya nangula patali ndipo anthu amatengedwa pa maboti ang'onoang'ono, n'kubwerako madzulo atapsa ndi dzuwa, akufuna kusamba ndi kugona. Usiku kuli chakudya, zisudzo ndi magule mpaka pakati pa usiku. Tsiku lomaliza zikwama mumaziika panja pa chitseko usiku, ndipo m'mawa kwambiri amafuna mutuluke kuti akonzere obwera. Latsala ndi tsiku limodzi lokha la panyanja ndi timphindi ta m'mawa.

Tsiku limodzilo nalo limadalira nyengo. M'mbali mwa KwaZulu-Natal mumadutsa mkokomo wa madzi wa Agulhas, umene umathamangira kummwera. Mphepo yochokera kummwera chakumadzulo ikawombana nawo, mafunde amakwera n'kuima njo. Sitima ikamathamanga moyang'anana ndi mphepo, pakhonde sipakhalika: tsitsi limauluka, buku silitseguka, ndipo madontho a m'nyanja amasiya mchere womata pamipando ndi pagalasi. Ikafika poipa, woyendetsa sitima amalamula kuti pasapezeke munthu pakhonde, ndipo ndalama sabweza. Miyezi ya Novembala mpaka Epulo ndi yomweyonso ya anamondwe m'nyanja ya Indian, ngati Freddy amene anasakaza kummwera kwa Malawi mu Malichi 2023, ndipo njira ya sitima imatha kusinthidwa chifukwa cha iwo. Ulendo wa ku Walvis Bay uli ndi vuto lina. Madzi a Benguela, amene amadutsa m'mbali mwa Namibia, ndi ozizira, m'mawa kumakonda kuchita nkhungu, ndipo ngakhale mu Januwale pakhonde pamafuna juzi.

Ulendo wautali ndi nkhani ina. Kuchoka ku Durban kukafika ku Mauritius pamakhala masiku angapo otsatizana osaona mtunda, popita ndi pobwera. Pofika tsiku lachitatu mipando ya kudziwe imakhala itagwidwa kale m'mamawa ndi matawulo, malo odyera ali phokoso, ndipo munthu amayamba kulakalaka pokhala payekha. Apa ndi pamene khonde limagwira ntchito tsiku ndi tsiku: tiyi wa m'mawa, kuwerenga masana, kuona nsomba zouluka zikuthawa m'mbali mwa sitima, kufika pa Port Louis, likulu la Mauritius, dzuwa likutuluka musanasambe n'komwe. Kugona masiku khumi ndi kuposerapo m'chipinda chimene mdima wake ndi wofanana usana ndi usiku kumasokonezanso tulo. Umadzuka osadziwa ngati ndi 6 koloko kapena 10 koloko. Pa ulendo wotere, ngati thumba likulola, tengani khonde musazengereze.

Palinso anthu amene tingawalangize kulipira ngakhale pa ulendo waufupi. Makolo a mwana wamng'ono amene amagona masana ndiponso molawirira usiku amakhala m'chipinda maola ambiri, ndipo popanda khonde amakhala mumdima akunong'onezana. Achikulire amene kuyenda tinjira titalititali ta m'sitima ndi kudikirira zikepe kumawatopetsa amapeza nyanja pafupi ndi bedi. Amene amabanika m'malo otsekeka asayese n'komwe chipinda cham'kati. Za nseru ya panyanja zili pawiri. Mpweya wakunja ndi kuyang'ana patali pamene madzi akumana ndi thambo zimathandizadi. Koma sitima imagwedezeka kwambiri kumwamba ndi kutsogolo, ndipo makonde ambiri ali kumwamba. Chipinda cha zenera cha pansi, pakatikati pa sitima, chimasunga m'mimba bwino kuposa khonde la pamwamba kumphuno kwa sitima. Wodwala nseru akafuna khonde, asankhe la pakati pa sitima, pa nsanjika yotsika kwambiri imene ili ndi makonde.

Makonde sali ofanana, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amaluza ndalama. Musanalipire, tsegulani mapu a sitima pa intaneti, pezani nambala ya chipinda, ndipo onani chimene chili pamwamba pake, pansi pake ndi patsogolo pake. Pa Musica ndi Orchestra maiwe osambira ndi malo odyera odzitengera wekha ali pa nsanjika (deki) 13. Amene ali pa deki 12 amamva mipando ikukokedwa m'bandakucha antchito akamatsuka pansi, ndi zidindo za ovina usiku; denga lotulukira kunja limatchinganso dzuwa pamakonde ena. Deki 10 ili ndi zipinda pamwamba ndi pansi, choncho ndi yabata. Chipinda chikalembedwa kuti "obstructed view" kapena "partial view", ndiye kuti boti lopulumutsira anthu kapena chitsulo china chatchinga nyanja pang'ono kapena kwambiri. N'chifukwa chake chatchipa. Makonde ena a kutsogolo ndi otchingidwa ndi chitsulo m'malo mwa galasi pofuna kupirira mphepo, ndipo ukakhala pampando umangoona khoma, madzi umawaona utaimirira. Makonde a kumbuyo kwenikweni, oyang'ana njira ya thovu imene sitima imasiya, ndi abata ku mphepo ndipo ambiri amawakonda, koma nthawi zina mwaye wa kuchumuni umagwera pamipando, sitima ikamakocheza pansi pamanjenjemera, ndipo kupita kulikonse ndi ulendo.

Za mbali ya kumanja kapena kumanzere musavutike nazo kwambiri pa maulendo opita ndi kubwerera. Popita kumpoto kuchoka ku Durban, mtunda ndi kulowa kwa dzuwa zili kumanzere. Pobwerera zili kumanja. Sitima ikakhala pa nangula imazungulira ndi mphepo ndi madzi, choncho chilumba chimene chinali pakhonde panu m'mawa chimatha kukhala mbali ina masana.

Kuti musankhe nambala nokha muyenera kuyang'ana mtundu wa tikiti. Ya Bella ndi yotsika mtengo, koma chipinda amakusankhirani ndi akampani, ndipo zotsala zimakhala zimene ena anazikana. Ya Fantastica imakulolani kusankha chipinda, komanso chakudya cham'mawa amakubweretserani m'chipinda osalipiritsa kabweretsedwe, chinthu chimene chimapangitsa khonde kukhala ndi ntchito. Khonde la Bella ndi kuchita maere. Chimodzimodzinso uthenga umene amatumiza ulendo ukayandikira, wokupemphani kutchula ndalama imene mungawonjezere kuti akukwezeni ku chipinda chabwinopo. Nthawi zina munthu amapeza khonde motchipa, koma akavomera, chipinda amasankha ndi iwo, ndipo chimene munasankha mosamala chija chapita. Ngati muli ndi abale m'chipinda choyandikana, kusunthaku kudzakulekanitsani.

Mukalitenga khondelo, dziwani malamulo ake. Kusuta n'koletsedwa, ndipo si nkhanza chabe. Mu Malichi 2006 moto unabuka pakhonde la sitima ya Star Princess ikupita ku Jamaica. Ofufuza anapeza kuti mwina unayamba ndi ndudu yotayidwa, unawononga zipinda zambiri ndipo munthu mmodzi anamwalira. Pambuyo pake malamulo a zipangizo zomangira makonde anakhwimitsidwa. Wosuta adzapitabe kumalo osutira ngati wina aliyense, choncho asalipire khonde pa chifukwa chimenechi. Musayanike zovala pachitsulo chogwirira: mphepo imatenga, ndipo chinyezi cha mchere sichiumitsa, chingwe cha m'bafa chimachita bwino. Musasiye chitseko cha khonde chotsegula usiku wonse, chifukwa pa sitima zambiri makina oziziritsa amazima okha, chinyezi chimalowa, ndipo zofunda zimakhala zonyowerera. Choopsa kwambiri ndi kutsegula chitseko cha kukhonde ndi cholowera nthawi imodzi. Mphepo imadutsa mwamphamvu, chitseko cholemeracho chimamenyetseka, ndipo chimatha kuphwanya zala. Tsekani chimodzi musanatsegule chinzake.

Galasi lotchingira limafika cha m'chiuno kapena kupitirira pang'ono kwa munthu wamkulu, lokwanira kuteteza mwana woimirira pansi, koma osati wokwera pampando. Ngati muli ndi ana aang'ono, kokerani mipando ndi katebulo kukhoma, khomani loko wa chitseko nthawi zonse, ndipo asatulukeko okha ngakhale kwa mphindi imodzi. Dziwaninso kuti chotchinga pakati pa inu ndi oyandikana nawo ndi chopyapyala, chili ndi mpata pansi ndi m'mbali. Zokamba zanu zimamveka, ndipo sitima ikakocheza padoko, amene ali kumtunda amaona m'chipinda makatani akakhala otsegula.

Kwa awiri athanzi amene akupita ku Portuguese Island kapena ku Pomene koyamba, chipinda cha zenera pakatikati pa sitima ndicho chogula chabwino: kuwala kulipo, nyengo mumaiona musanavale, ndipo kugwedezeka n'kochepa. Onetsetsani kokha kuti zeneralo silinatchingidwe ndi boti lopulumutsira anthu, pakuti zenera lotero silisiyana kwenikweni ndi chipinda cham'kati, chimene mukanachipeza pa mtengo wotsikirapo.