Makamera anayi, miyezi 10: kumene chimbuuzi chija chinkachokera

Patha miyezi 10 chimangireni makamera anayi panyumba panga. Onse ndi a 1080p, olumikizidwa pa Wi-Fi, iliyonse ili ndi memori khadi yakeyake ndipo imadya magetsi a 12V kuchokera ku adaputala. Sabata yoyamba ndinawatama kwambiri. Ndinalemba kuti chithunzi chake n'choyera moti ukhoza kuwerenga masamba a mtengo wa pabwalo. Sindinaname ayi, koma ndinaweruza dzuwa likuswa mtengo, pabwalo pali zii, popanda choyenda ngakhale mphaka. Nthawi imeneyo kamera ina iliyonse imaoneka katswiri.

Mwezi wachitatu wina analowa pageti cha m'ma 2 koloko usiku n'kunyamula paipi yothiririra maluwa. Paipiyo sinandidandaulitse kwenikweni, chinandipweteka mtima ndi kanema wake. Munthu akuoneka akulowa, akuwerama, akutuluka. Nkhope palibe. Pamalo pa nkhope pali kamtambo koyera kokoka mchira ngati mzukwa. Akanakhala mchimwene wanga wabere limodzi sindikanamuzindikira. Ndinatsala pang'ono kuwazula onse n'kukagula a 4K, a chithunzi cha timadontho tochuluka kuposa 1080p, koma ulesi wokwera makwerero kanayi unandipulumutsa, ndipo ndinayamba kufufuza chimodzichimodzi.

Zoyamba ziwiri n'zochititsa manyazi. Kamera ya kuseri inali idakali ndi kapulasitiki kaja amamata pagalasi kufakitale, katachita chikasu ndi dzuwa. Chachiwiri, pafoni ndinkaonera kanema wosakhala weniweni. Makamera ambiri amatulutsa kanema pawiri: wamkulu amene amasungidwa pa khadi, ndi wamng'ono, wa 640 x 360 kapena chapomwepo, woti asadye intaneti yambiri. Ndikakhala pakhomo pulogalamu ya pafoni inkatsegula wamkuluyo, ndikangochoka inkatsikira yokha pa wamng'ono osandiuza. Pakona pali kabatani kolembedwa SD, ukakadina kamasanduka HD. Choncho musanaiimbe mlandu kamera, zulani khadi muonere pa kompyuta. Chimene chili pa khadi ndicho chimene kamera inaona.

Khadi yomweyo ndi imene inandiululira vuto la kamera ya pageti. Pafoni munthu akangoyenda chithunzi chinkaphwanyika kukhala timabokosi, n'kuima, n'kudumpha masekondi atatu, munthu uja ali kale pakhomo. Pa khadi kudumpha kunalibe. Ndiye kuti vuto linali panjira. Pakati pa rauta ndi kamerayo pali makoma awiri a njerwa ndi chitseko chachitsulo, ndipo pulogalamu inkaonetsa mphamvu ya netiweki ya -76 dBm. Kanema amafuna cha m'ma -67 kapena nambala yoyandikirapo ku ziro. Ndinatulutsa rauta m'kabati momwe ndinaibisa chifukwa cha mawaya osaoneka bwino, ndinaiika pamwamba, n'kusintha tchanelo. Pa 2.4 GHz matchanelo osalowererana ndi atatu okha, 1, 6 ndi 11, ndipo ma rauta a anthu oyandikana nane anali atadzazana pa 6. Zinasinthako. Kupita pa 5 GHz sikukanathandiza, chifukwa ngakhale ndi yothamanga, imafooka msanga ikakumana ndi khoma. Mapeto ake ndinakoka waya wa netiweki wa Cat5e mpaka pageti, poti kamerayo inali ndi polowetsa waya ndipo waya wotere umafika mamita 100 osadandaula. Chikokereni wayawo sinadumphenso.

Timabokosi tina tinatsalabe, ngakhale pa khadi, makamaka mphepo ikamagwedeza mtengo. Apa wolakwa anali bitrate, kuchuluka kwa deta imene kamera imaloledwa kugwiritsa ntchito pa sekondi. Kanema wopanikizidwa m'njira yotchedwa H.264 sajambula chithunzi chathunthu nthawi zonse, amasunga chimodzi kenako n'kumangolemba zimene zasintha. Pabwalo pakakhala bata zosintha n'zochepa, n'chifukwa chake ndinanyengeka sabata yoyamba ija. Masamba onse akayamba kuvina, deta imaperewera, ndipo kamera imangopaka phala. Yanga inabwera itaikidwa pa 1024 kbps. Ndinaikweza kufika 4096. Malipiro ake ndi malo: pa mlingo umenewu kamera yojambula usana ndi usiku imadya pafupifupi 43 GB patsiku, khadi ya 128 GB imadzaza m'masiku atatu. Kusinthira ku H.265, njira yatsopano yopanikiza kanema kwambiri, kunandibwezerako malo ambiri ndithu.

Koma zonsezi sizinachotse mzukwa uja, chifukwa usiku ndi nkhani ina.

Kukamada mumamva kamera ikuti thapu. Ndi kagalasi kotchinga kuwala kwa infrared kakuchoka pamaso pa sensa, kachipangizo kotola kuwala m'kati mwa kamera, ndipo timababu tozungulira galasi timayaka. Kuwala kwake, kwa 850 nm, diso la munthu silikuona, mumangoona kufiira pang'ono ngati khala lotsala pang'ono kuzima. Kamera imakuona bwino, mwinanso mopitirira. Yanga ya pakhonde inali itamangidwa pafupi ndi khoma loyera, ndipo kachigawo ka khomalo kankalowa m'mphepete mwa chithunzi. Usiku khomalo linkawala ngati mwezi, kamera n'kuganiza kuti kwawala kwambiri, n'kudzichepetsera kuwala, bwalo lonse n'kuchita bii. Ndinangoipotoza zala ziwiri kuti khoma lituluke m'chithunzi, bwalo linaonekera mpaka kumpanda. Zomwezi zimachitika ndi denga, paipi ya madzi a mvula, kapena mukaiika kamera m'nyumba kuti izisuzumira pawindo: imangojambula timababu take tomwe pagalasi. Nanga akangaude! Ulusi umodzi wosaoneka masana umasanduka chingwe choyera chodutsa chithunzi chonse usiku, ndipo mphepo ikaugwedeza foni imalira mpaka mbandakucha kuti kwabwera munthu.

Gwero lenileni la mzukwa ndinalipeza pamalo pamene sindinkatsegula n'komwe, pa shutter, nthawi imene kamera imatenga pojambula chithunzi chimodzi. Kukada, kamera ikasiyidwa kuti idzisankhire imatalikitsa nthawiyi kuti itole kuwala kokwanira. Yanga inkatsika mpaka 1/12 ya sekondi. Tawerengani nokha. Munthu woyenda bwinobwino amayenda pafupifupi mamita 1.4 pa sekondi. Pa 1/12 ya sekondi wasuntha masentimita 12, kutsala pang'ono kukwana m'lifupi mwa nkhope yake. Maso, mphuno ndi pakamwa zimapakidwa pamodzi. Geti, mtengo ndi galimoto yoima zimaoneka bwino kwambiri, ndipo ndi zimenezo timayang'ana tikamati kamera imaona usiku. Pamwamba pa izi pali chochotsa mchenga m'chithunzi, cholembedwa 3D DNR, chimene chimasakaniza zithunzi zotsatizana kuti zisalale. Chinthu choyenda chikasakanizidwa chotero chimakoka mchira.

Ndinaika malire akuti isatsike kupyola 1/100, pamene munthu yemwe uja amasuntha sentimita imodzi ndi theka basi, ndipo DNR ndinaitsitsa kufika pakati. Chithunzi chinada, chinachita mchenga, chinanyansa. Ndinatsala pang'ono kubwezera mwakale. Koma kuyesa kwake si kuyang'ana bwalo lopanda munthu. Ndinamutuma mwana wanga wamkulu kuti ayende kuchokera pageti kufika pakhomo, atavala chipewa, kenako atavula, pang'onopang'ono, kenako mothamanga. Ulendo wachisanu anaima pakati pa bwalo n'kuyang'ana kamera. "Bambo, kodi wakubayo ndine? Ndiyendanso kangati?" Nditaimitsa kanemayo pamenepo ndi pamene ankayenda, nkhope inalipo ponseponse. Yamchenga, koma yake. Mdimawo ndinauthetsa ndi nyali ya LED imene ndinaimanga mamita awiri kuchokera pa kamera, n'kuzimitsa timababu ta kamerayo. Tizilombo tinasamukira ku nyali, akangaude anatitsatira, ndipo tsopano ndimaona ndi mtundu wa malaya.

Kamera ya m'mbali inali ndi matenda akeake: masana bwinobwino, kukangoda mizere, nthawi zina kuzima n'kuyakanso. Ndinali nditawonjezera waya wowonda wa mamita 15 pa adaputala yake. Timababu tikayaka kamera imakoka magetsi ambiri, ndipo waya wowonda wautali umadya ena panjira. Nditayeza kumapeto kwake usiku ndinapeza 10.6V m'malo mwa 12. Ndinasendeza adaputala pafupi, zinatha.

Imene yanditopetsa mpaka lero ndi imodzi yachipewa chozungulira choonekera m'kati. Mvula itayamba inachita nthunzi m'kati. Ndinaitsegula, ndinaumitsa, ndinaikamo timapaketi ta silica gel toyamwa chinyezi, koma potseka kamphira kozungulira galasi sikanakhudze bwino chipewacho, ndiye kuwala kwa timababu kunkazungulira m'kati n'kuchita chifunga. Nditakonza zimenezo ndinalakwitsanso ndekha, ndinapukuta chipewacho ndi malaya. Ndi pulasitiki, imakalika msanga, ndipo timikwingwirima tosaoneka masana timawala usiku. Panja sindidzamanganso yamtundu umenewu.

Pali malire amene batani lililonse silingasunthe. Chithunzi cha 1080p chili ndi timadontho 1920 m'lifupi mwake. Galasi la 2.8 mm limaona motambasuka, madigiri 100 kapena kuposa, moti pageti panga, mamita 8 kuchokera pakhonde, timadonthoto timagawidwa pa mamita pafupifupi 19. Mita iliyonse imapeza 100, nkhope imapeza 15. Muyezo wa makamera achitetezo wa IEC 62676-4 wa 2014 unkati kuti uzindikire munthu wosamudziwa pamafunika timadontho 250 pa mita, 125 pongotsimikiza munthu amene umamudziwa kale. Ndi galasi limeneli, 250 amathera pa mamita atatu. Kukoka chithunzi ndi zala pafoni kumangokulitsa timadontho 15 tomwe tija. N'chifukwa chake ya pageti ndinaitsitsa kuchoka pa mamita 4, pomwe inkangojambula mitu ya anthu pamwamba, kufika 2.5, n'kuilozetsa polowera penipeni. Yoyang'ana bwalo lonse ntchito yake ndi kundiuza kuti munthu walowera kuti, basi. Ya pakhonde ndinaiyatsira WDR, imene imalinganiza powala ndi pamdima m'chithunzi, chifukwa m'mawa dzuwa limakhala kumbuyo kwa mlendo ndipo ankangooneka chithunzithunzi chakuda.

Kodi ndingawagulenso? Atatuwo inde. A 4K aja ndinawasiya, chifukwa timadontho 8 miliyoni topanikizana pa sensa yaing'ono timatola kuwala kochepa kalikonse, ndipo mzukwa ukanangokhala waukulu. Ndikadzafuna ina ndidzayamba kufunsa kukula kwa sensa, yokulirapo ya 1/1.8 kusiyana ndi yaing'ono ya 1/3, komanso ngati imalola mwini wake kusintha shutter, poti zina pulogalamu yake ilibe malo amenewo. Memori khadi imodzi inafa mwezi wachisanu ndi chiwiri, ndinaika zolembedwa High Endurance, zopangidwira kulembedwa usana ndi usiku.

Chimene chandikanika ndi nambala za galimoto usiku. Nyali zakutsogolo zimaithobwa kamera m'maso, ndipo chitsulo cha nambala chimabweza kuwala n'kungoyera mbee. Zimenezo zimafuna kamera yakeyake, ya galasi loona patali ndi shutter ya 1/1000, yosaona china chilichonse. Mtundu wa galimoto ndimauona, ndi mbali imene yalowera. Loweruka lililonse ndimadutsa ndi tsache lalitali pa makamera onse anayi, ndipo mwana uja amayendabe kamodzi pamwezi, ngakhale masiku ano amayamba wafunsa kuti maulendo ndi angati.